Mutu wa a Chiboliboli

Mumzinda monse munalibe munthu wina amene ankakwera makwerero kuti akasambitse mutu wake, kupatula a Chiboliboli. Lolemba lililonse ankatseka kashopu kawo kometera, n'kunyamula ndowa, sopo, nsanza ndi makwerero, kudutsa pakati pa magalimoto, ulendo wa ku paki yokumbukira nkhondo. Pakati pa pakiyo pali msilikali wamkuwa, wamtali kuposa anthu awiri, ataweramitsa mutu, mfuti ili m'manja. Iwo ankati msilikali ameneyo ndi iwowo. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, ndipo akazi awo, amene sanalakwire munthu, anangozindikira akutchedwa mayi Chiboliboli.

Kunkhondo sanapiteko, ndipo sankabisa. Tayala likaphulika mumsewu, woyamba kubisala kuseri kwa mpando wometera anali iwowo, kasitomala n'kutsala yekha ndi mutu wometedwa mbali imodzi. Nkhani yawo inali yakuti ali mnyamata, mmisiri woumba anabwera kudzameta, n'kuona nkhope yawo pagalasi, n'kuwapempha kuti akamuimirire. Anaimirira mpaka miyendo kutupa, atagwira mpini wa tsache poti mfuti yeniyeni sakanawabwereka. Chipewa chachitsulo anakana kuvala chifukwa anali atangometedwa bwino, n'chifukwa chake msilikaliyo chipewa chake chili m'chiuno. Asilikali akale okhala pamabenchi ankavomereza chinthu chimodzi chokha, chakuti mfuti ija waigwiradi ngati akufuna kusesa.

Mayi Chiboliboli anawapeza amuna awo mimba itayamba kale kutsogola ndipo tsitsi likuthawa. Akayang'ana m'mwamba ankaona mnyamata wachibwano chosongoka, akayang'ana pambali n'kuona bambo wa zibwano ziwiri. Sanawanenepo kuti ndi abodza, ankangoti mwina. Msilikaliyo ankamutcha alamu, ndipo Lolemba amuna awo akamafunafuna sopo ankawauza kuti akapereke moni kwa alamu, awafunsenso ngati adzabweze sopo wa sabata yatha. Komatu analumbira, anthu akumva, kuti iwo malaya achapa, ana asambitsa, koma chitsulo sadzachisambitsa ngakhale kumwamba kugwe.

Adani a a Chiboliboli anali nkhunda. Paki yonse ili ndi mitengo, mizinga iwiri, kasinja ndi denga lalikulu la myuziyamu, koma nkhundazo zinasankha mutu wawo basi. Ankawusiya ukunyezimira Lolemba, pofika Lachitatu wayera mbuu ngati wa munthu wogwira ntchito pachigayo. Anayesa kumangirira ambulera kumfuti, mlonda wa pakiyo n'kuichotsa. Anayesa kumuveka chipewa chawo, nkhunda n'kuikiramo mazira. Akaona munthu akumwaza zinyenyeswa za buledi ankamuyandikira mwaulemu n'kumufunsa ngati akudziwa kumene buledi ameneyo akathere. Mlonda uja, bambo wamfupi wokonda wenzulo, ankawaseka kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, nanji zitosi. Awiriwa anakangana zaka zambirimbiri, mlonda akuwauza kuti kukwera n'koletsedwa, kwinaku akuyang'ana kumbali mpaka amalize.

Alendo akabwera, a Chiboliboli ankaima pansi pa msilikaliyo, kukoka mimba, kuweramitsa mutu, manja pa mfuti yosaoneka, n'kudikira kuti wina azindikire. Palibe ankazindikira. Tsiku lina mphunzitsi anabwera ndi ana a sukulu, iwo n'kuwauza kuti ayang'ane bwino nkhope ziwirizi. Ana anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana pansi, kumwamba, pansi.

"Agogo, nanga tsitsilo linapita kuti?" anafunsa kamtsikana kena.

"Linatsala kumtunda uko," anayankha osaphethira. "Munthu sungakhale ndi tsitsi malo awiri."

M'myuziyamu namo ankalowa ngati kwawo, ndipo akazi awo akawatsatira ankachita manyazi mpaka kufuna kulowa pansi. Anthu ankayenda mwakachetechete kuona mayunifolomu ong'ambika, nsapato, mbale zopindika ndi mamendulo m'magalasi. Iwo ankalunjika kukhoma la zithunzi n'kuyamba kuweruza kametedwe. Uyu ankati anametedwa ndi munthu wamantha, uyu lumo linali lobuntha, uyu anadzimeta yekha mumdima. Wofotokozera alendo akamanena za nkhondo ya pamlatho, iwo ankagwira mlendo pamkono n'kumuonetsa mkulu wa asilikali amene ndevu zake zinapendekera kumanzere. Amati wamisala anaona nkhondo, koma awa anaona ndevu zokha.

Mayi Chiboliboli ankadziwa kuti wometa sadzimeta. Loweruka madzulo ankawakhazika amuna awo pampando pakhonde, kuwakulunga nsalu pakhosi n'kudula katsitsi kotsalako. Munthu amene tsiku lonse ankalamula anzake kuti akhazikike, iye sankatha kukhala phee ngakhale pang'ono. Ankatembenuka kulonjera odutsa, kuloza nkhunda padenga, kuwaphunzitsa kagwiridwe ka sizasi. Mayiwo ankawagwira khutu n'kunena mawu omwewo sabata ndi sabata: "Khalani bwino, musagwedezeke." Sanamverepo.

Panali tsiku limodzi lokha limene anawaona amuna awo atasowa chonena. Anali atawaperekera nsanza imene anaiwala, n'kupeza mayi wina wokalamba ataima pansi pa msilikaliyo, maluwa ali m'manja. A Chiboliboli anali atakoka kale mimba, kukonzeka kuyamba nkhani yawo. Mayiyo sanawaone n'komwe. Anatembenukira kwa mayi Chiboliboli n'kuwauza kuti uyu ndi mwamuna wake, anapita ukwati uli wa miyezi yochepa, ndipo manda ake palibe akudziwa kumene ali. Anati amabwera kudzamuona pano chifukwa ndi yemweyo, chibwano ndi makutu omwe.

Mayi Chiboliboli anagwira mtima, kudikira kuti amuna awo ayambe kutsutsa. Koma iwo anamasula mimba pang'onopang'ono, kuvula chipewa, n'kubwerera m'mbuyo. Anadikira mpaka mayiyo atapita, kenako anakwera n'kupukuta mutuwo nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Lero si ine," anatero ali panjira yobwerera. "Nkhope ndinangobwereketsa, eni ake ndi ambiri. Ndiye azidzapeza mwamuna wawo ali ndi zitosi kumutu?"

Kuyambira tsiku limenelo mayi Chiboliboli analeka kufunsa za sopo.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ukalamba utawapeza, tsiku lina a Chiboliboli anaterereka pamakwerero n'kugwera m'maluwa, ndowa n'kuwatsatira n'kuwavala kumutu. Mlonda anathamanga wenzulo ili kukamwa, ndipo atawavula ndowayo, mawu awo oyamba anali akuti kumanzere sanamalize. Akuluakulu a pakiyo analetsa makwerero kotheratu. Iwo sanagonje, anamangirira nsanza kunsungwi yaitali n'kumapukuta ali pansi, koma nsungwi inkangofika pachipumi. Pamwamba penipeni pankatsala poyera, ndipo zinkawapweteka ngati chilonda.

Atadwala mpaka kulephera kudzuka, nkhawa yawo inali yomweyo. Za shopu sanafunse, za ana anati akula. Anangowagwira akazi awo dzanja n'kufunsa kuti mutu uja adzausambitsa ndani.

"Mvula," anayankha mayiwo, misozi ili m'maso. "Ine ndinalumbira, ndipo munamva."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndiye adikira mitambo. Anadikiradi. Anatisiya sabata imene mvula yoyamba inagwa, ndipo pamaliro mlonda anauza anthu kuti munthu uyu ngakhale imfa anaipangira pulani.

Miyezi ya mvula inadutsa, mayi Chiboliboli osaponda ku paki. Anali ndi mkwiyo umene sankatha kuufotokoza, wakuti munthu wawo wapita koma chitsulo chija chikadali chiimire, chosakalamba, chosatsokomola. Minibasi ikamadutsa kumeneko ankayang'ana mbali ina. Omwe ankapitako ankati paki yazizira. Ana a sukulu ankazungulira msilikaliyo n'kupitirira osaseka, m'myuziyamu munalibenso wonena za ndevu, ndipo mlonda wenzulo yake ankangoiseweretsa m'manja posowa woimbira. Asilikali akale ankakhala pamabenchi n'kumayang'ana kugeti Lolemba lililonse.

Dzuwa litabwerera, tsiku lina minibasi inaima pamzere wa magalimoto moyang'anizana ndi pakiyo, ndipo maso anawapereka. Mutu wa alamu unali mbuu, nkhunda ziwiri zitakhala pamwamba ngati zalipira lendi. Pansi pake panali maluwa atsopano.

Lolemba lotsatira anthu anaona mayi wachikulire akudutsa pakati pa magalimoto, ndowa kudzanja, akung'ung'udza yekha njira yonse. Makwerero analibe, poti ana anawabisa kalekale. Mlonda anawaona akulowa pageti. Analowa m'kanyumba kake n'kutulutsa makwerero a pakiyo, kuwatsamiritsa pamsilikaliyo, n'kuwagwira ndi manja awiri.

"Mayi, kukwera n'koletsedwa," anatero akuyang'ana kumbali.

Mayi Chiboliboli anakwera pang'onopang'ono, akutukwana nkhunda, mmisiri woumba ndi amuna onse osamva. Zaka zonsezi nkhope imeneyi ankaionera pansi, ndipo pafupi sinali yachilendo monga ankaganizira. Anapukuta chipumi, anapukuta pamwamba paja pamene nsungwi sinkafika, kenako anazungulira kuseri kwa khutu lamanzere. Nsanza inakodwa pa kanthu. Atakanda ndi chala anapeza kachipsera kopindika, komwe kaja kamene Loweruka lililonse ankakazemba ndi sizasi, kamene amuna awo ankati anakatenga ali mwana atagwa mumtengo.

Anaima pomwepo, madzi a sopo akutsikira m'mikono. Mlonda anafunsa ali pansi ngati zonse zili bwino. Mayiwo analigwira khutu lamkuwalo monga ankagwirira lija, mawu n'kutuluka okha.

"Khalani bwino, musagwedezeke."

Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni, a Chiboliboli anamvera.