A Rosário Kakhumi ndi Makondensadore Awo

Kuno ku Domwe, munthu amene a Rosário sanamuuzepo kuti kondensadore yake ndi yaing'ono, ndiye kuti analibe chilichonse choyendera magetsi. Wailesi ikafa, kondensadore. Jeleira ikasiya kuziziritsa, kondensadore. Tsiku lina mai Berta anawadandaulira kuti amuna awo amagwa ndi botolo limodzi lokha la mowa. Iwo anangopuma mozama nati, "Kondensadore yaing'ono, mai."

Kondensadoreyo ndi kachitini konga chala chachikulu, kamene kamasunga moto pang'ono m'kati mwa makina. A Rosário anaphunzira zimenezi ku Dedza, kumene anathawira nkhondo, ndipo atabwerako anakhazikika pakhonde la loja ina, sitolo yoyang'anizana ndi ogulitsa mbatatesi, n'kumakonza zamagetsi. Lamulo lawo linali limodzi: kondensadore ya mbali ya bateriya ikule kakhumi kuposa ya mbali ya makina. N'chifukwa chake tinkawatcha a Kakhumi.

Ine Armindo ndimameta anthu. Ndinali ndi bateriya imodzi ya sola yoyendetsa makina ometera ndi TV. Ndikangoyatsa makinawo, TV inkazima, kawirikawiri mpira uli pagolo. Anthu ankatuluka mutu utametedwa mbali imodzi. Ndinapita kwa a Kakhumi.

"Makina ako akamadzuka amameza moto wonse nthawi imodzi," anatero. "Bateriya ili kutali, waya ndi woonda. Moto ukagwa, TV imayesa kwatha. Pafunika kankhokwe pafupi ndi poyatsira."

"Ndiye ikani, madala."

"Ndiyeze kaye."

Anayeza masiku atatu. Yatsa, zimitsa. Yatsa, zimitsa. Ankalemba manambala pachikatoni n'kumang'ung'udza. Tsiku lachitatu ndinalephera kupirira.

"Bwanji osangoika yaikulu kwambiri, nkhani ithe?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. "Mphwanga, kutopa ndatopa, koma sindinapenge."

Tanthauzo lake tinaliona pa ukwati wa mwana wa mai Berta. A Josias, oyang'anira zokuzira mawu kutchalitchi, anatopa ndi kuyeza kwa a Kakhumi, n'kukadzigulira okha kondensadore yaikulu ngati chitini cha mkaka. Akwati ali pakhomo, kwaya itakonzeka, iwo n'kulumikiza bateriya. Phaa! Utsi. Agogo ena anathawira kuseri kwa guwa atasiya nsapato.

A Kakhumi anali pabenchi yakumbuyo. Sanathamange. Anadzuka pang'onopang'ono, nayang'ana chichitinicho.

"A Josias, kondensadore nayo imamva njala. Ikakhala yopanda kanthu imameza kuposa makinawo. Mwaitana mlendo wodya kuposa ana."

"Nanga titani? Mkwatibwi akulira."

"Alire kaye. Ndipatseni babu la njinga yamoto."

Anadutsitsa moto m'babumo kuti chichitinicho chidzaze mwapang'onopang'ono, babu likuzilala, anthu mazana awiri akuyang'ana ngati chozizwitsa. Ukwati unachedwa ndi ola lathunthu. Paphwando a Kakhumi anakana kuvina, ati miyendo yawo nayo imafuna kuyatsa mosamala.

Chaka chathachi, mwezi wa Juni kukuzizira koopsa, chifuwa chinawagoneka. Nthawi yomweyo jeleira ya katemera kuchipatala chaching'ono cha kumudzi kwathu inayamba kuvuta: injini ikati idzuke, zonse zinkazima, ikayesanso, zinkazimanso. Namwino, a Nádia, anati katemera wa ana aonongeka dzuwa lisanalowe. Ndinawatenga a Kakhumi panjinga atafunda bulangete, akutsokomola pamsana panga njira yonse.

Tsiku limenelo sanayeze masiku atatu. Anamvetsera kulira kwa injini kawiri, nawerenga nambala ina ndi maso ofinya, natulutsa kondensadore m'thumba la jekete. Waya ndinawagwirira ine. Jeleira inadzuka, ndipo sinazimenso.

A Kakhumi anakhala pasitepe.

"Armindo, zaka makumi atatu ndikunena chinthu chimodzimodzi. Alipo anamva?"

"Tinamva, madala. Kakhumi."

"Kakhumi wa chiyani?"

Ndinakanda mutu. Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. Anamwalira patatha milungu itatu.

Pakhonde paja pano pakugulitsidwa kabichi. Chinthu chikafa, timakwera nacho shapa, minibasi yakuno, mpaka ku Ulongwe, kumene amasintha bolodi lonse la m'kati mwake osakuuza chimene chinalakwika, ndipo palibe amene amakunyoza. Munthu umabwerako wosakhutira.

Sabata yatha mai Nilza, akazi a malemu a Kakhumi, anandiitana kunyumba. Pansi pa bedi anapeza zitini khumi ndi zinayi zodzaza makondensadore, osankhidwa bwinobwino, chitini chilichonse chili ndi nambala yolembedwa ndi dzanja lawo.

"Tengani, a Armindo. Inu munkakhala nawo, mukudziwa ntchito yake."

Ndinatola imodzi, ndinaitembenuza, ndinawerenga nambala yake mokweza. Maiwo anadikira kuti ndinene kanthu.

"Ndi yaikulu kapena yaing'ono?" anafunsa.

Ndinaibwezera m'chitini mwake, n'kutseka bwino.