Mmene Ndinaopsezera Apongozi

Lolemba
Ndayamba! Sewero loopsa la mawu okhaokha, lomvera pa foni. A makanema sadziwa kanthu. Diso likaona chilombo limachizolowera, koma khutu limasiyira mutu ntchito yonse. Zofunika:
- mawu onong'ona
- chitseko cholira
- bata, kenako phokoso!
Situdiyo ndi kachipinda kosungiramo mapira. Mayi a kunyumba akuti likafika Lamulungu popanda woopa ngakhale mmodzi, matumba abwereramo. Aona okha. Boma lathu lonse la Nsanje linyowa thukuta lozizira.

Lachiwiri
Kujambula. Ndikatseka zenera ndikupsa, ndikatsegula mzukwa ukulimbirana mawu ndi kondakitala wa minibasi. Foni yatentha mpaka kuzima yokha. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Lachitatu
Gawo loyamba ndaliponya pa gulu la achibale la pa foni. Mzukwa ndi a Sozinyo, telala wa pamsika, mawu awo ngokhuthala bwino. Mayankho: "Si a Sozinyo awa? Auzeni buluku langa ndikulifuna." Wina: "Chifuwacho apite nacho kuchipatala." Vuto la kuno ndi limeneli, aliyense amadziwa kakhosomoledwe ka mnzake. Mzukwa ndauchotsa ntchito.

Lachinayi
Nzeru zatsopano: pasakhale wolankhula. Choopsa chenicheni sichidzitchula dzina. Madzi akukwera pang'onopang'ono m'beseni, mbale zikugundana ngati zikuyandama, mbuzi ya aneba ikulira (yadzipereka yokha), kenako zii. Ine mwini wake tsemwe!

Lachisanu
Ndatumiza gawo latsopanoli osalemba mutu. Dala! Womvera adzipangire yekha chilombo. Mlamu waliponya ku magulu ena ataonjezapo kuti "Ku Chikwawa uku." Ndatchuka mpaka boma lina! Foni ikungoitana, sindikuyankha. Waluso safotokoza ntchito yake.

Loweruka
Apongozi afika kuchokera ku Nyachikadza, pa bwato kenako pa kabaza. Mbuzi, nkhuku, mphasa, mapoto, mbewu ya mpunga. Dzuwa likuswa mtengo. "Tamva pa foni madzi alowa m'nyumba ku Chikwawa, ndiye akubwera kwathu," akutero. "A kumtunda safunsa mvula, mwananga. Ife sitiuzidwa kawiri." Ndawafotokozera za beseni. Andiyang'ana osaphethira. Manyazi andigwira mpaka kumapazi.

Lamulungu
Basi, ndapambana. Woopa wapezeka, ndipo mapira sabwereramo. M'situdiyo mukugona apongozi. Akuti poti asamuka kale, kwawo abwerera mvula ikatha. Mvulayo sinayambe n'komwe.