Feteleza pa banksia wa a Tembo

Mpaka lero, a Tembo akalowa m'tchalitchi ine ndimayamba kuyang'ana nsapato zanga. Sanandikalipirepo, sanauzeko munthu aliyense zimene ndinachita, ndipo chikundiwawa n'chomwecho. Akanangonditukwana kamodzi bwenzi nditachira kalekale. Ndiye ndati ndingoulula ndekha, mwina mtima ungakhale m'malo.

A Tembo ndi bambo wachikulire wa ku Chipata, amene anagwira ntchito yofufuza miyala m'migodi mpaka kupuma. Timakhala mumsewu umodzi kuno ku Perth. Iwowa ali ndi chizolowezi chimene ine sindinkachimvetsa: kusunga mitengo m'timbale, n'kumaidulira mizu ndi nthambi dala kuti isakule. Amati bonsai. Pa timitengo tawo tonse, kapamtima kanali ka banksia, mtengo wa m'tchire la kunoko, wa masamba a mano ngati sowo. Kanali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri koma kosafika ndi m'bondo momwe. Anakadzala kuchokera ku njere limodzi ndi malemu akazi awo chaka chimene anafika m'dziko muno, ndipo pa zaka zonsezo kanabereka chipatso chimodzi chokha, chouma gwa, chooneka ngati chitsononkho.

Mu Malichi 2020 anabwera nako kwathu atakafungatira ngati khanda. Ankapita ku Melbourne kukaona mdzukulu wongobadwa kumene, ulendo wa masabata awiri. Timitengo tinato anatisiyira paipi yothirira yokha, koma aka anati sangakasiyire makina, kakufunika munthu wodziwa zomera. Ndipo munthuyo ndinali ine. (Mlandu ndi wa pakamwa panga. Panalibe phwando la Amalawi limene ndinkachokapo osanena kuti ndine mwana wa mlimi wa ku Mitundu, komanso kuti mnkhwani wa kuseri kwa nyumba yanga ulibe unzake mu Perth yense.)

"A neba, madzi chabe," anatero a Tembo. "Just water. Mukaona mchenga wauma pamwamba, muthireko. Vinangu vonse musiye."

"Bambo, musadandaule. Kafika m'manja mwa eni ake a ntchito," ndinayankha.

Atangochoka ndinakajambula pa kapinga wouma wa chilimwe n'kutumiza chithunzi kwa abale kumudzi, ndi mawu akuti onani mtengo wa zaka 22 wa kuno kwa azungu. Tinaseka tsiku lonse.

Kenaka korona inavuta, boma linatseka malire a chigawo chathu, ndipo a Tembo anatsekeredwa kunja. Ankapempha chilolezo chobwerera koma ankangokanidwa. Masabata awiri anasanduka miyezi. Nako kuntchito kwathu ku Welshpool, kumene timakonza mapampu a m'migodi, anatichepetsera masiku. Mkazi wanga ndi namwino pa chipatala cha ku Murdoch, ndiye iye ankangokhalira kuntchito. Pakhomo tinatsala awiri, ine ndi kamtengo, kuyang'anana pakhonde.

Ndikamakayang'ana chisoni chinkandigwira. Dothi lake silinali dothi, unali mchenga ndi timiyala. Nthambi zake zinali zokulungidwa ndi waya. Ndinayamba kuona ngati a Tembo, ngakhale ndi ophunzira, za ulimi zinawadutsa. Munthu wa miyala adziwa chiyani za mbewu? Kwathu mbewu ikapinimbira chotero anthu odutsa m'njira amaseka mwini munda. Ndinaganiza zowachitira zabwino mwakachetechete, kuti pobwera adzadabwe.

Ndinayamba ndi kumasula waya yense. Kenaka ndinatulutsa thumba la feteleza amene ndimathira chimanga changa, n'kuchita ndendende mmene bambo anga anandiphunzitsira: kubaya kadzenje ndi kamtengo chapambali pa tsinde, kuyeza ndi chitsekerero cha botolo, kuthira, kukwirira. Poti kanali ndi njala ya zaka 22, ndinabaya maenje anayi.

Mkazi wanga anandipeza ndikukwirira lomaliza.

"Bambo a Yami, si paja anati madzi okha?"

"Mayi, inu dziwani za odwala. Za mbewu tisiyireni."

"Chabwino, a dokotala," anatero, n'kulowa m'nyumba kukasamba.

Patapita masabata atatu masamba anayamba chikasu. Apa munthu wanzeru akanaima kaye. Koma aliyense amene analimapo chimanga akudziwa tanthauzo la chikasu: mbewu ikulira njala, wokulitsa watha mphamvu, yakwana nthawi ya wobereketsa. Ndinathiranso zitsekerero zina zinayi. Nsonga za masamba zitayamba kupserera, ndinati vuto ndi mchenga uja, sukusunga chakudya, ndiye ndinapita kwa mnzanga woweta nkhuku kukatenga zitosi. (Ndikulemba izi nditagwira kumaso ndi dzanja limodzi.)

A Tembo ankaimba foni Lamlungu lililonse, ndipo funso linali limodzi: "Kali bwanji kamwana kanga?" Poyamba ndinkakaonetsa pa vidiyo. Kenaka ndinayamba kukaonetsa chapatali. Kenaka ndinkatembenuza mbale kuti aone mbali imene kunatsala masamba obiriwira. Masambawo atatha, kamera ya foni yanga inayamba "kuvuta" Lamlungu lililonse.

Pofika Julaye ndinakanyamula kupita nako kumalo ogulitsira mbande za mitengo ya kuno. Mayi wa pamenepo anakayang'ana, anafukula mchenga ndi chala, ananunkhiza, n'kundifunsa kuti ndakadyetsa chiyani. Nditamuuza anavula magalasi. Anandifotokozera pang'onopang'ono, mmene amalankhulira ndi munthu amene akumumvera chisoni, kuti banksia anazolowera mchenga wosauka, mizu yake imayamwa chilichonse chimene yapeza osadziwa kuleka, ndipo feteleza wa chimanga kwa iye ndi poizoni. Chikasu chija sichinali njala. Kamtengo kankafa ndi kukhuta, ine n'kumakawonjezera. Ndinafunsa ngati pali mankhwala. Anakanda khungwa ndi chikhadabo, m'kati monse muli gwa, ndipo anangoti pepani.

Apa ndiye panafunika kuimba foni n'kunena zoona. Sindinaimbe. Ndinakaika kuseri kwa galaja, ndipo (izi sindikuzimvetsa mpaka lero) ndinapitiriza kukathirira madzi.

Mu Ogasiti a Tembo anaimba ali ndi chimwemwe. Gulu lawo la okonda bonsai linali litaganiza kuti chionetsero cha chaka chimenecho chichitike pa intaneti chifukwa cha mliri, aliyense angotumiza chithunzi.

"Aka kanali koyamba kukaonetsa na chipatso chake," anatero. "Malemu amai a kunyumba banali kufuna maningi kuti bantu bakakaone. Nitumizireni ka photo kabwino."

Ndinakhala pansi pakhonde thukuta lili kamukamu, kunja kukuzizira. Kenaka ndinatsegula foni, ndinafufuza chithunzi chija cha mu Malichi, chomwe ndinajambula kuti tiseke ndi abale, n'kuwatumizira. Patapita sabata anandiuza kuti anthu akayamikira kwambiri, ena mpaka kufunsa kuti amakasamala bwanji. Ine ndinati, "Zikomo bambo, timayesetsa." Mkazi wanga, amene anamva zonse ali kukhitchini, sanandiyankhule mpaka mawa lake.

A Tembo analoledwa kubwerera mu Novembala, n'kukhala masiku khumi ndi anayi akubindikira m'nyumba mwawo. Masiku amenewo ndinkazungulira njira ina popita kuntchito kuti ndisadutse pawindo pawo. Loweruka lotsatira mkazi wanga anatenga mbale ija kuseri kwa galaja, anaiika m'manja mwanga, n'kunditsegulira geti.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuyang'ana timitengo tawo tina, tonse tamoyo, tosamalidwa ndi paipi. Ndinaika mbale patebulo n'kuvula chipewa. Iwo anakayang'ana nthawi yaitali, akusisita tsinde ndi chala chachikulu.

"Munakapasa feteleza kangati?"

"Kawiri, bambo. Ndi zitosi za nkhuku."

"Na waya munachosa."

"Ndinkaona ngati kakumva kuwawa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinayamba kufotokoza za chithunzi chija koma anandidula.

"Ninaziba, a neba. Pa photo paja kapinga anali wouma. Mu August, ku Perth, na mvula yonse ija?"

"Nanga munachitumiziranji ku chionetsero, bambo?"

"Ninafuna bantu bakaone mwamene kanalili."

Kunena zoona, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Bambo wamkulu ndi ndevu zanga, misozi inalengeza.

A Tembo anatenga sizasi yawo n'kudula chitsononkho chija. Anayatsa makala pa mbaula yowotchera nyama, anachigwira ndi chopanira n'kuchiwambika pamoto. Ine ndinaganiza kuti ndi mwambo wotsanzikana nako, ndiye ndinaweramitsa mutu mwaulemu. Posakhalitsa ndinamva kuthetheka, ndipo pa chipatsocho panatseguka timilomo titatu. Anandiuza kuti banksia wa mtundu uwu satulutsa njere zake mpaka moto wa m'tchire utadutsa. Chitazizira anachigogoda patebulo, ndipo panagwa tinjere takuda topyapyala.

Zinamera ziwiri. Patapita miyezi ingapo anabwera kwathu ndi kambande kamodzi m'kachitini ka mchenga.

"Aka ni kanu. Mukanibwezere kakafika zaka 22, na chipatso chake."

"Koma bambo, inu pano muli ndi zaka 74..."

"Ehe. So musachedwe nako," anatero, osaseka n'komwe. Atafika pageti anatembenuka. "Madzi chabe."

Kambandeko kali pakhonde, pamalo pomwe panali mayi wake. Kakukula mwa ulesi woti mlimi aliyense angapse nawo mtima. Ndimakathirira mchenga ukauma, ndipo ndikawerenga zaka zimene zatsala ndimadziwa kuti chimene ndinawalanda a Tembo sindidzawabwezera iwo akuona.

Mwezi wathawu tsamba limodzi lam'munsi linachita chikasu. Sindinachite kalikonse, ndikulumbira. Ndinangoima pamenepo n'kumaliyang'ana. Kungoti mkazi wanga potuluka anandipeza chitsekerero cha botolo chili m'manja, ndipo sindikudziwa kuti chinafikamo bwanji. Kuyambira tsiku limenelo thumba la feteleza limakhala m'buti ya galimoto yake, ndipo limapita naye kuntchito ku Murdoch m'mawa uliwonse.