Kapinga Wanga Amene Anameza Ng'ombe za a Jere

Tsiku limene ndinafesa kapinga analipo ndi awa: ine mwini wake, mdzukulu wanga Tiwonge amene tinkamukonzera ukwati, ndi nkhuku zanga zonse. Amene kunalibe ndi mwana wanga Yotamu, bambo ake a Tiwonge, amene anangotumiza mbewu pa basi iye ali phee ku Lusaka, komanso alamu anga aNyaZimba, omwe aja anabwereka khasu langa Tiwonge asanamere mano. Tsono lero awiri omwewa ndi amene akuyenda nayo nkhani m'banja muno kuti kapinga wanga sanamere kwenikweni. Amene kunalibe atseke pakamwa, ndiyankhule ine.

Kapingayo amene anayamba kumudzala ndi Yotamu, atamanga nyumba ya malata kuno kwa Mwase, akuti m'tauni amatero. Anamera apa ndi apo ngati mutu wa mwana wa zipere. Pa chinkhoswe, mayi ake a mkwati, a ku Chipata, anayang'ana pabwalo n'kunena kuti, "Zithunzi za ukwati tikajambulire ku boma, pano pachita dazi." Tiwonge analira kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinalumbira pamaso pawo kuti zithunzi zijambulidwa pakhomo pano, pa msipu wobiriwira, apo ayi ndibwerere kwathu ku Kasungu wapansi.

Mvetsetsani, ine udzu ndalimbana nawo moyo wanga wonse, kupalira, kuzula, kutentha, choncho umandidziwa ndipo umandiopa. Mbewu ya Yotamu inali timbewu ting'onoting'ono ngati ta fodya, ndiye ndinachita monga timachitira pa nazale: ndinakanda ndi kakhasu kobwereka malo onse a dazi, n'kuthira manyowa a m'khola la a Jere aneba athu, n'kufesa mbewu yosakaniza ndi mchenga, n'kuphimba ndi udzu wouma kuopa nkhuku, kenako ndinawerama n'kuiuza kuti, "Iwe, usandichititse manyazi."

Mukumva? Ndisanasambe m'manja kapinga anali atandifika m'mawondo, pamene ndimati ndiitane Tiwonge adzaone anali atanyamula mtondo wanga n'kuusanjika pa denga, tambala amene anaima pakati pa bwalo anakwera naye m'mwamba mpaka kulira kwake kunkatipeza masana, ndipo ng'ombe za a Jere zitamva fungo zinathyola khola n'kulowamo, mwini wake n'kumangomva mabelu osaziona, kufikira zinakatulukira kuseri kwa nyumba zili ndi ana amene zinaswera momwemo, anawo atakula kale moti ena anali pa goli. Ndikanama ine mphenzi indiombe! Minibasi yochokera ku boma inasochera m'menemo, anthu anatsika, anatopa n'kufuna njira, anayala matumba pansi n'kuyamba kugulitsana tomato, ndipo mayi wina anapezamo banja.

Vuto linali kumweta. Zikwakwa zinkapindika ngati ndodo za mapira. Mwamwayi njovu za ku nkhalango ya Lukusuzi zinamva mbiri yake, zinabwera mzere kudzadya zaulere, ine ndinagwira yaikuluyo khutu n'kuiuza kuti pakhomo panga sadya mwachisawawa, idye molinganiza, ndipo zinadya bwinobwino mpaka kapinga anatsala wofika mu akakolo, wosalala ngati bulangete latsopano, popanda ndi dazi limodzi lomwe. Mukumva inu? Ndinagonapo chagada, msana umene unkandiwawa n'kupola.

Mawa lake kuli ukwati, ndinakwera minibasi yomwe ija kupita ku msika wa Lundazi kukagula mchere ndi mafuta. Kumbuyo kuno aNyaZimba, amene sanapondepo pakhomo panga dzinja lonse, anabwera ndi amayi a kutchalitchi kudzathandiza ntchito. Ataona bwalo lili biriwiri, aNyaZimba anagwira pakamwa n'kuuza anzawo aja. "Mayi wachikulire uyu ukalamba wamugwira, onani thengo lafika pakhonde! Alendo mawa alumidwa ndi njoka." Tiwonge anali kuchigayo. Amayiwo anapala, anasesa, anawaza ndi madzi omwe kuti fumbi ligone.

Pofika ine pabwalo pali mbee ngati chikhatho. ANyaZimba akupukuta thukuta, akuti, "Monire mulamu! Takuchotserani manyazi, musavutike n'kuthokoza." Ndiyang'ane m'manja mwawo, khasu langa lija! Tsono munthu amene wabwera kudzakuthandiza pa ukwati sumukalipira. Ndinati yewo chomene, ndinawaphikira tiyi, ndi shuga yemwe.

Zithunzi anakajambulira ku boma. Mayi a ku Chipata aja anandifunsa mokoma ngati ndiyamba liti ulendo wa ku Kasungu. Ndinawauza kuti miyendo ikatsika kutupa.

Tiwonge akuti udzu wonse umene anapala amayiwo unakwana m'dengu limodzi. N'zoona. Koma dengulo munaliona inu?

Zotsala ndi izi. A Jere sanandipatsebe thole la msipu umene ng'ombe zawo zinadya, ndipo manyowa aja asawawerengere. Njovu zinalipira ndi ndowe, tinathana. Yotamu atumize mbewu ina mvula isanagwe, ndipo adzafese yekha. ANyaZimba ali ndi shuga wanga, kapinga wanga, ndi khasu. Atatha kupala analinyamula n'kubwerera nalo kwawo.