Makala Amene Anameza Chithunzithunzi cha Abiti Jafali

Amene akufuna kuseka asekeretu pano, amalize, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano a munthu. Iwe Yusufu, ika foniyo m'thumba. Umanamiza anzako kuti kompyuta unayamba kuigwira ndiwe, chikhalirecho ine Che Bwanali ndinawotcha makala m'kati mwa kompyuta iwe usanadziwe kupukuta mamina. Wallahi, ndikanama lilime ili liume ngati usipa wa pa thandala.

Ndinali ndi situdiyo pafupi ndi msika wa paboma, yojambula maukwati ndi zithunzi za ziphaso, mpaka mafoni anuwa anabwera n'kundilanda ntchito. Wina akanangogwira njakata. Ine ndinakagula kompyuta yakale kwa mzungu wina ku Chembe amene ankatseka loji yake, ndipo m'menemo ndinapezamo pulogalamu youmbira zinthu, yoti umaumba mphika popanda dongo, bwato popanda mtengo, n'kuchiveka khungu chinthucho, n'kuyatsa dzuwa lakolako, kuwala n'kumagwa motsata malamulo amene Mulungu anakuikira, osati mmene iwe ukufunira. Ndinaiphunzira masiku atatu, tsiku lachinayi woikonza zolakwa ndinali ine. Mukumva?

Tsiku lina kunabwera mayi wina woumba mbaula, akufuna chikwangwani choonetsa mbaula yodzaza makala. Mbaulayo ndinaiumba tiyi wanga asanazizire. Koma makala, abale anga! Inu mumati makala ndi chinthu chakuda basi, chifukwa simunaliyang'anepo khala pamaso. Khala lili ndi ming'alu, lili ndi mizere ya zaka za mtengo wake, pena ndi lokhakhala, pena pomwe lathyokapo limanyezimira ngati mamba a chambo, ndipo kompyuta imafuna uiuze zonsezi padera: khungu la mtundu, khungu la zitunda ndi maenje, khungu lina lonena pomwe pakuwala ndi pomwe pazimirira. Ndinayesa makala a mango, anatuluka ngati ndowe. Ndinayesa a bulugamu, ndowe yomweyo koma yaitali. Ndinaonda mpaka lamba ndinaboola mabowo awiri atsopano.

Ndiye m'mawa wina anaima pakhomo Che Amidu, wogulitsa makala wa ku Lungwena, panjinga pake pali thumba lopanda kanthu ndi kansalu komangamanga. Atamasula kansaluko ndinaona khala limodzi la tsanya, ming'alu yake yoyalana bwino ngati analemba ndi mlembi.

"Limeneli silogulitsa, Che Bwanali," anatero. "Mtengo wake unagwera m'manda, ine ndinawotcha osadziwa. Ena onse ndabweza kale, latsala ili linakanirira m'thumba."

Kodi alipo pano amene sadziwa kuti nkhuni za kumanda saphikira? Inenso ndinkadziwa. Koma ndinadziuza kuti ine sindiphikira, ndingojambula, ndipo ndinamunyengerera munthuyo mpaka anandibwereka la masana amodzi. Akazi anga, Abiti Jafali, atamva anangoti za kumanda zilibe kubwereka, n'kupitiriza kupeta mpunga wawo. Ndinawayankha kuti za kompyuta azisiyire ife ophunzira.

Ndinalijambula khalalo mbali makumi anayi, dzuwa lili uku, dzuwa lili uko, mng'alu uliwonse ndinaulowetsa m'kompyuta. Pamenepo ndinaona chachilendo. Khala lililonse padziko pano, ngakhale lide bwanji, limabweza kuwala pang'ono. Ili silinkabweza ngakhale kadontho, linkangomeza. Kompyuta inandifunsa kawiri ngati ndikutsimikiza, poti chinthu chotere sichipezeka, ine ndinavomera kawiri konse. Madzulo asanakwane ndinabweza khala kwa Che Amidu, n'kumati nkhani yatha, osadziwa kuti linzake latsala m'kompyuta yanga.

Makala atatuluka pa sikirini, ndinakhudza ndi chala, chala n'kuda bii, ndinasamba ndi sopo masiku awiri osachoka, mayi wa nyumba yoyandikana anabwera ndi phale kudzapala moto, a zankhalango anafika ndi galimoto kudzalanda matumba n'kubwerera akukanda m'mutu, anthu anayamba kuwoloka pa maboti kuchokera ku Malindi kudzangoona, mpaka wosula mipeni wina anagwada n'kuyamba kuuzira sikirini, masaya tuu, kuti moto uyake. Mukumva? Ine ndili pampando, mwendo pamwamba pa unzake.

Koma makalawo sankatentha. Ankazizira. Unali mwezi wa Okotobala, muja dzira limapsa lokha pa mchenga, koma mu situdiyo munkachita chisisira masanasana, ndipo pafupi ndi kompyuta mpweya unkanunkha dothi lokumba kumene. Kenako ndinaona mbuzi ikudutsa pakhomo ndi chithunzithunzi chake, n'kupitirira ilibe. Njinga chimodzimodzi. Mtengo wa mango wa panja pa situdiyo unataya mthunzi wonse, madala osewera bawo pansi pake anapsa madazi osadziwa chifukwa. Ine ndinaona zonsezi ndipo ndinakhala chete, chifukwa anthu ankanditchula dzina mpaka ku Chembe ndipo zinkandikomera.

Lachisanu titatuluka ku mzikiti, Abiti Jafali anandibweretsera mpunga. Anaima kutsogolo kwa sikirini, n'kufunsa ngati makala otchukawo ndi amenewa, kenako anatembenuka kuti azipita. Ndinaona ndi maso angawa chithunzithunzi chawo chikutamuka ngati legeni, chikugwira pa chitseko, chikukanda simenti, mpaka chinadukira ku zidendene n'kulowa mu mng'alu wa khala lapakati. Iwo anatuluka padzuwa pansi pawo palibe kanthu. Pofika kunyumba anayamba kunjenjemera, anafunda mabulangete atatu m'chitentha chimenecho, ndipo mawu awo aja omveka kutsidya kwa Shire anasanduka kunong'ona. Akuluakulu amati munthu chikamuchokera chithunzithunzi saona Lachisanu lina. Sindibisa, ndinachita mantha, chifukwa mayi amenewa ndakhala nawo kuyambira ndili ndi tsitsi.

Ndinathamangira ku situdiyo n'kuzula waya wa magetsi, makala ali pompo. Ndinazimitsa kompyuta, makala ali pompo, akundiyang'ana. Ndiye ndinayatsanso, ndinakulitsa mng'alu uja mpaka unakula ngati kamwa la mtsuko, ndinapinda malaya, ndinati Bismillah, n'kulowetsa mkono mpaka m'phewa, m'kati mozizira ngati pansi pa nyanja, ndipo zala za akufa, eni ake mtengo uja, zinayamba kundipapasa pa mkono, osati mwaukali ayi, koma pang'onopang'ono, ngati mmene amayi amapapasira nsomba pamsika asanagule. Ndinakoka ngati khoka: chithunzithunzi cha mbuzi, za njinga zisanu ndi ziwiri, cha mango ndi mbalame zake zomwe, cha minibasi yathunthu kondakitala ali lendelende pa chitseko, zonse ndinaziponya panja, izo n'kuthamangira kwa eni ake. Cha akazi anga ndinachigwira mwendo, koma mbali inayo anachigwira mutu, osasiya.

Pamenepo ndinadziwa chimene ankafuna. Khala lawo linabwerera kumanda, koma ili linali likadali lamoyo m'nyumba mwa munthu. Mkono umodzi uli m'kati, ndi winawo ndinatenga khungu la phulusa n'kuyamba kukwirira ntchito yanga, mng'alu ndi mng'alu, mzere ndi mzere, makala okongola kuposa onse amene munthu anaumbapo, mpaka anasanduka phulusa la pa dzala. Ndinalira, sindinama. Nditakwirira malo omaliza zala zija zinamasuka chimodzichimodzi, ndipo chithunzithunzi chinatuluka chitagwira m'chiuno, mutu uli pambali, ndinadziwiratu kuti ndi cha akazi anga.

Ndinachipinda, ndinathamanga nacho kunyumba, ndinachiyala pabwalo, ndinawanyamula mayiwo n'kuwaimika pa mapazi ake. Nthawi yomweyo thukuta linatuluka, anataya mabulangete, n'kuyamba kundikalipira kuti ndasiya mbale ya mpunga yosavundikira. Sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo. Zonse za khala lija ndinafufuta tsiku lomwelo, ndipo mayi wa mbaula analandira chikwangwani cha makala a mango, a ndowe aja.

Ndakuona, Yusufu, ukufuna kunena kuti unamva zina. Ukawafunsa Abiti Jafali akuuza kuti iwo anangodwala malungo, ndipo kuti mwezi womwewo ine anandipala ng'ala m'maso onse awiri kuchipatala, n'chifukwa chake ndinkaona mdima masana. Zoona, anandipala, ndipo malungo anawapeza nawodi. Koma mudzationerere tikamapita kumsika dzuwa litakwera, iwo patsogolo, ine m'mbuyo, maso pansi. Anthu amati mdala uja anamudyetsa khuzumule. Anene. Ine ndimakhala ndikuyang'ana ngati chithunzithunzi chawo chikadalipo, ndipo tsiku limene ndidzachisowe mkono uwu ndidzaulowetsanso, ngakhale usadzabwerere.