Mazira a nkhanga kwa abambo ake a Lusungu

Mpaka lero ndikamva nkhanga ikulira, manyazi amandigwira.

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi, kwathu ku Dedza, ntchito inandiponya ku Karonga. Kumeneko ndinakonda namwino wina, Lusungu. Chinatsala n'chakuti abambo ake, alimi a mpunga ku Hara, andione ngati ndine munthu woti angamupatse mwana.

Tsiku limene ndinapita kwawo, titakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhanga zinadutsa. Nane ndinaona mpata (bwenzi nditangofunsa za mpunga ngati mlendo wanzeru).

"Adada, mukudziwa chifukwa chake azungu amati guinea fowl? Anazipeza ku Guinea, kumadzulo kwa Afirika. Fowl ndiye kuti mbalame yoweta."

"Yewo, aphunzitsi," anatero mkuluyo. "Ine ndagwira ntchito pa boda ya Songwe zaka zambiri. Aswahili amati kanga, ise tikuti nkhanga. Mzungu yekha ndiye wakasochera."

Lusungu anandiponda phazi. Ine ndinayesa chikondi.

Mkuluyo atapita kukatsegula madzi kumunda, Lusungu ndi amayi ake ali kukhitchini, ndinayamba kuyendera pakhomo ngati woyang'anira sukulu. Kuseri kwa nkhokwe ndinapeza nkhuku yafungatira mazira ang'onoang'ono, osongoka, amawangamawanga. A nkhanga! Ndinamva chisoni kuti anthu achikulire chonchi alephera kusiyanitsa. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Nkhuku inandijompha kawiri (inali ndi nzeru kuposa ine), koma ndinawatola onse khumi ndi awiri, n'kukawayala bwinobwino pansi pa chitsamba pomwe nkhanga zimapalasa. Nkhangazo zinawayang'ana, zinandiyang'ana, n'kumapita. Amene anayamikira ntchito yanga ndi galu wa pakhomopo.

Mkuluyo pobwera anapeza nkhuku ikulira, galu akunyambita kukamwa. Ndinafotokoza zonse, mwaulemu, ndi zifukwa zake.

"Aphunzitsi, nkhanga siilera. Ana imawakokera m'mame, amafa. N'chifukwa chake timapatsa nkhuku. Mazira amenewa ndinakatenga ku Mwenilondo, akanaswa mkucha." Anayang'ana galu uja. "Ndimati zikule, alendo adzadye pa ukwati wa mwana wanga."

Sanakalipe ayi, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa kwambiri. Anandiperekeza mpaka kumsewu, n'kundigwira dzanja.

"Dzina mukulidziwa, aphunzitsi. Kwatsala mbalame."

Sabata yotsatira amalume anga anaimba foni kuti apangane tsiku lodzaonekera. Mkuluyo anawauza kuti ntchito ya mpunga yachuluka. Mwezi winawo mpunga unali udakachulukabe. Lusungu analira, ine ndinalira kwambiri kuposa iye, ndipo chaka chinacho anakwatiwa ndi mlangizi wa ziweto.

Ndinaphunzirapo? Pang'ono. Ndikafika pakhomo pa eni, manja amakhala m'thumba. Koma pakamwa pokha panakana. Dzulo lomweli mu minibasi ndinali kufotokozera mayi wina atanyamula nkhukundembo kuti mbalameyo, ngakhale azungu amaitcha turkey, sinachokere ku Turkey. Anatsikira panjira asanafike kwawo.