Rubi wa Amayi a Tadala

Lolemba

Kafika! Mlamu wanga woyendetsa thiraki wabwera nako kuchokera ku Joni, atakakulunga m'sokosi. Sipekitiromita ya m'manja, kukula kwake ngati tochi. Umawalitsa mwala, foni n'kujambula mizere, iwe n'kufananiza ndi ya m'kabuku. Mwala weniweni uli ndi mizere yakeyake yosongoka. Galasi limangotukumula chitunda chimodzi ngati chulu.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikutolera miyala, aphunzitsi anzanga akundiseka kuti fizikisi inandizungulitsa mutu. Tsopano aona.

Pulani ya sabata ino:
1. Kuyeza miyala yonse ya m'chitini cha mabisiketi.
2. Kuyeza rubi wa amayi a Tadala, mwala wofiira umene ndinawapatsa ngati chikole powafunsira.
3. Loweruka pa chinkhoswe cha Tadala, amayi ake akamamuveka mwalawo, ine ndiuyeze pamaso pa akuchimuna a ku Chipata. Adziwe kuti mwanayu sakumutola pamsewu.

Nambala 3 ndalengeza kale: kunyumba, kutchalitchi, ngakhale kwa wometa tsitsi wa pa Kamwendo.

Lachiwiri

Chitini. Miyala 41. Zotsatira:
– Emarodi wa ku Lundazi: botolo lobiriwira.
– Akwamarini amene ndinasinthanitsa ndi wailesi yanga: galasi la windo.
– Dayamondi: sindilemba.
– Weniweni ndi umodzi wokha, kaganeti, kamwala kofiira kochepa ngati nyemba, kamene ndinatola ulele mumsewu wa ku Ludzi njinga itaphwa mpweya.

Mwina kachipangizoka katopa ndi ulendo. Ndakapukuta, ndakagoneka pa pilo ola lathunthu. Ndayezanso. Zomwezo.

Amayi a Tadala ali kalikiliki ndi zitenje za yunifolomu. Akufunsa ali pa mashini osokera ngati rubi wawo uja ndamuyeza kale. Ndayankha kuti sayansi safuna phuma.

Lachitatu

Wometa uja pakamwa pake ndi wailesi. Pochokera kusukulu ndikupeza mzere pakhonde ngati pachipatala. A katekisiti ndi mwala wawo m'mpango. Wosintha ndalama wa pa boda, wake akuti unagwa kumwamba. Mayi wina wogwira ntchito ku esiteti ya fodya, kwawo ku Phalombe, wake wamangidwa pa mfundo ya chitenje zaka zisanu ndi zitatu, akuti anamusiyira malemu mwamuna wake.

Chulu, chulu, chulu!

Abambowo palibe wothokoza. A katekisiti akuti makina achizungu amadana ndi miyala ya kwathu kuno. Wosintha ndalama akuti ndikufuna ataye mtima kuti ndigule motchipa. Mayi wa ku esiteti wamanganso mwala wake pa mfundo pomwe paja, wathokoza mogwada, wabwerera wapansi. Zandipweteka mpaka tsopano. Ndimati kudziwa n'kokoma, koma palibe anandiuza kuti kumatopetsa chonchi.

Lachinayi

Amayi a Tadala apita kumsika kukagula thadzi la chinkhoswe. Ndatsegula sutikesi yawo ngati mbala. Mwala uli m'kansalu komwe kaja, wofiira psuu. Ndikukumbukira tsiku logula: pa boda, mwezi wa Juni, kwa mnyamata wopanda nsonga ya chala chamkombaphala, amene analumbira pali amayi ake. Ndinagulitsa jekete langa, lomwe linali limodzi lokha, n'kumaphunzitsa ndikunjenjemera mpaka Ogasiti.

Ndawalitsa.

Chulu.

Ndayeza kasanu, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali. Kabuku kakuti galasi lofiira lotere limapezeka pa nyali za mabuleki za mathiraki akale.

Ndinakwatira mwana wa eni ndi nyali ya mabuleki! Iye anakana mkulu wa kasitomu wa njinga yamoto n'kutsata ine. Zaka zonsezi akuuvala pa Khirisimasi ndi pa Pasaka pokha, kuopa kutha.

Sindikudya. Ndawauza kuti ndi malungo.

Lachisanu

Njira zotulukira:
– Kuponya kachipangizo m'chimbudzi. Mlamu adzafunsa.
– Kuika kaganeti m'malo mwa rubi. N'kochepa, ndipo amayi a Tadala mwala wawo amaudziwa ngati nkhope ya mwana.
– Kunena zoona. Ayi.
– Kuchotsa batire.

Ndachotsa batire, ndalikwirira m'thumba la feteleza. Mtima unangotsika pang'ono mpaka masana. Tadala, mwana wabwino mopitirira muyeso, wapeza kuti sikakuyaka. Wakwera kabaza yekha kupita pa Kamwendo, wabwera ndi latsopano. "Adadi musadandaule, mawa muwaonetse."

Ndiye ndikumva kuti nkhoswe wa mkamwini wanga Yohane, amalume ake a Tembo, ntchito yawo ku Chipata ndi kugula ndi kugulitsa miyala. Basi, chatsala n'chiyani? Ndadzikumbira ndekha dzenje, ndadziyeza ndekha msinkhu.

Loweruka

Tenti, mipando ya kutchalitchi, zimkuzamawu zolira ngati njuchi. Ankhoswe asinthana tambala ndi thadzi. Abweretsa atsikana atatu ophimbidwa zitenje kumutu mpaka m'miyendo kuti Yohane aloze wake. Wangoyang'ana zala za kumapazi n'kuloza. Walondola. Wopanda batire, wopanda kabuku.

Kenako amayi a Tadala akumuveka mwana mwala uja, misozi ili m'maso. Woyendetsa mwambo akufuula kuti tsopano aphunzitsi ndi makina awo. Nthungululu. Ndatulutsa kachipangizo m'sokosi.

Ndisanayatse, a Tembo adzuka, akuti ayambe aona iwo monga a ntchito yake. Akuutembenuza padzuwa, ndipo maso anga agwera pa chala chawo chamkombaphala. Chilibe nsonga.

Ndawayang'ana. Andiyang'ana. Zimene zawonjezereka ndi imvi ndi mimba basi.

"Uyu ni rubi weniweni," akutero mokweza. "Makina asavutike. Batire sungani, ba tichala."

Nthungululu mpaka kumsewu!

Kuseri kwa tenti a Tembo andigwira pamkono. "Manje ndise banja limodzi. Imwe duu, ine duu." Akuwonjeza monyada kuti anaupera okha masiku atatu, n'kuupukuta ndi mankhwala otsukira mano, ndipo mwa yonse imene anagulitsa chaka chimenecho wangawu ndiwo unatuluka bwino. Ndathokoza. Ndimati ndinene chiyani?

Lamulungu

Thupi lonse kuwawa. Mipando yabwezedwa, itatu yothyoka. Pochokera ku Misa amayi a Tadala akupinda zitenje, osandiyang'ana. Akuti Lachinayi ndinatsegula sutikesi yawo, ndipo malungo anga aja anawadziwa mtundu wake.

Ndayamba kufotokoza za mizere ndi chulu. Andidula.

"Mwalawo unagwera pamchenga n'kukandika Tadala asanabadwe. Si inu nomwe munkalalikira m'nyumba muno kuti rubi sakandika ndi mchenga?"

Ndafunsa chifukwa chake sananene.

"Ine ndinaona munthu akunjenjemera mu Juni wopanda jekete. Wa kasitomu uja sakanavula ngakhale chipewa."

Akuti Tadala ndisamuuze, adzadziwa yekha nthawi yake. Miyala 40 ya m'chitini aitenga kale, akuti ikongoletsa m'mbali mwa maluwa.

Sipekitiromita ndaibweza m'sokosi. Mawa Fomu 3, mutu wake kuwala. Ndingowalembera manotsi pa bolodi.

Ndikaweruka ndipalasa njinga kupita ku esiteti. Mayi wa ku Phalombe uja ndikamuuze kuti Lachitatu batire linali lofooka.